Ndinamwetsa Mwana Wanga Mowa M'jombo

Mwaswera bwanji nonse? Ine ndilankhula chiimire, chifukwa bondo langali likapindika limakana kuwongoka. Abusa andinong'oneza kuti ndidule nkhani, koma anthu a mpira kudula nkhani sititha, ndiye mundipirire.

Dzina langa ndi Lameki. Amene munakulira ku Blantyre mwina munamvapo pa wailesi dzina lakuti Nyundo. Nyundo wake ndi ineyo, ngakhale lero mukuona mdala wa dazi ndi kamimba. Ndinkamwetsa zigoli mu timu ina yaikulu kumudzi, dzina lake ndisunga. Koma sindinabwere kudzadzitama ndi zigoli. Ndabwera kudzakuuzani mmene ndinatayira mwana wanga Limbani, ndi mmene ndikuyesera kumupezanso. Musadzidzimuke, ali moyo. Amakhala ku Leeds ndi mayi ake, ine ndimakhala kuno ku Salford m'kachipinda kamodzi, ndekhandekha.

Timu iliyonse imakhala ndi akuluakulu ake, anthu amene anasewera kale n'kusiya dzina. Ku timu yathu kunali a Gogoda. Pamene ine ndimalowa, iwo anali atasiya kale kusewera, ndipo analibe udindo uliwonse, koma akalowa m'chipinda chovalira ngakhale kochi ankatsitsa mawu. Anyamata tinkawatengera zonse. Ankayenda motsimphina pang'ono, ifenso tinayamba kutsimphina miyendo ili bwinobwino. Ankatsitsa masokosi mpaka m'kakolo, timu yonse masokosi pansi. A Gogoda ndiwo anayambitsa mwambo wa jombo. Wosewera akamwetsa chigoli chake choyamba mu timu, masewero akatha ankamuvula nsapato imene wamenyera mpirayo, n'kuthiramo mowa wosakaniza ndi kachasu, iye n'kumwa mpaka kugugudiza, anzake akuimba ndi kuwomba m'manja.

Ine ndinakulira m'kwaya, mowa ndinali ndisanaulawepo. Tsiku langa litafika, a Gogoda anagwira jomboyo ndi manja awo, nandiuza kuti, "Imwa mphwanga, lero walowa m'banja." Inkanunkha thukuta, matope ndi mankhwala otikitira minofu. Ndinakasanza kuseri kwa basi, koma ndikuuzeni zoona, sindinasangalalepo ngati tsiku limenelo. Munthu amene chithunzi chake ndinachimata pakhoma ndili mwana anali atanditchula kuti mphwanga. Kuyambira pamenepo, m'mutu mwanga mowa ndi ulemu zinakhala chinthu chimodzi.

Bondo litathetsa mpira wanga, mkazi wanga Esinati, amene ndi nesi, anapeza ntchito m'chipatala china ku Leeds. Tinabwera ndi Limbani ali wamng'ono, wosadziwa n'kumanga nsapato komwe. Abale, ku Blantyre ndikamakwera minibasi, kondakitala ankatsitsa munthu pampando wakutsogolo kuti pakhale Nyundo. Ku Leeds ndinkakankha makatoni mu weyahausi, nyumba yosungiramo katundu, bwana wanga ali kamnyamata kamene dzina langa kankalidula pakati ngati chinangwa. Ndikati ndikafotokozere kuti ine kwathu ndinali ndani, kankangogwedeza mutu n'kuyang'ana pa wotchi. Ndikafika kunyumba ndinkapeza Esinati akunyamuka kupita ku shifiti. Ndinali munthu wozolowera kuimbiridwa nyimbo ndi bwalo lonse, ndiye kukhala zii kotereko kunkandiwawa kwambiri.

Kenako Amalawi a ku Leeds anayambitsa timu yosewera Lamlungu. Munali amuna a manesi, ana a sukulu za ukachenjede, ena odikira mapepala, ndi anyamata awiri a ku Zambia. Wapampando wake anali a Phiri, munthu wofatsa, woyendetsa basi. Anandiitana kuti ndikaone, ndipo nditangofika pabwalo anyamata anaimitsa mpira n'kuyamba kukuwa kuti, "Nyundo! Nyundo!" Misozi inalengeza m'maso. Tsiku lomwelo ndinasanduka a Gogoda awo. Ndikanatha kuwaphunzitsa kaimidwe m'bokosi, kumenya ndi mutu, kudikira mpira, ndipo zina ndinawaphunzitsadi pang'ono. Koma chimene ndinabweretsa ndi mtima wonse chinali jombo. Kachasu kuno kulibe, ndiye tinkathira vodika ndi mowa wa m'zitini. Anyamata anaukonda mwambowo kwabasi, ine n'kumabwerera kunyumba Lamlungu lililonse ndili dzandidzandi, ndikumva ngati ndafika kwathu.

Limbani anakula, wamtali, wamanzere, wa mpira woposa wanga. Izi ndikunena pano, iye sindinamuuzepo. Lamlungu lina timu inaperewera munthu, a Phiri anati mwanayu alowe. Anali asanafike zaka zimene lamulo la kuno limalola munthu kumwa. Analowa, anazemba anthu awiri, mpira mu ukonde. Masewero atatha anyamata anayamba nyimbo ija pamalo oimika magalimoto, wina atamuvula kale nsapato yakumanzere. Limbani anandiyang'ana. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi.

"Dad, please. No."

A Phiri anandikokera pambali. "Achimwene, mwanayu sanafike msinkhu. Kuno si kumudzi, tiyeni timuthirire juwisi basi."

"A Phiri," ndinatero mokweza kuti onse amve, "mwana wa Nyundo amwe juwisi? Mukufuna anthu anene kuti ndimakondera?"

Jomboyo ndinadzaza ndekha, ndinaigwira ndekha, ndipo atamaliza, maso ali psuu, ndinathiranso kachiwiri, vodika yekhayekha, kuti aliyense aone kuti wanga sindimunyengerera. Anamwa chifukwa ndinali bambo ake, ndiponso chifukwa amuna onse aja ankamuyang'ana. Posakhalitsa anakhala pansi, kenako anagona chammbali pa tara, osayankhanso. Mmodzi wa anyamata a ku Zambia ndiye anaimbira ambulansi. Ine ndinali ndikunenabe kuti musiyeni, adzuka.

Tsiku limenelo Esinati anali pa shifiti ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi. Taganizani, mayi ali pantchito, zitseko n'kutseguka, pa machira pali mwana wake, jezi ili matope okhaokha, phazi limodzi nsapato, linalo sokosi yokha. Anzake anamuchotsapo kuti mwanayo athandizidwe ndi ena. Ine anandipeza mu kolido. Sanakuwe ayi. Anangondifunsa kuti, "Bambo a Limbani, nsapato inayo ili kuti?" Inali m'manja mwanga. Ndinakwera nayo ambulansi osadziwa n'komwe, ikununkha vodika.

Mwanayo anatsitsimuka mawa lake, tithokoze Mulungu ndi anthu a m'chipatala. Koma kuno nkhani yotere sithera pakupepesa. Kunabwera apolisi, kunabwera a boma oona za ana, mafunso kwa Esinati ngati kuti wolakwa ndi iye, kuntchito kwake aliyense akudziwa. Ine apolisi anandichenjeza mwalamulo. Esinati anandilongedzera chikwama n'kuchiika pakhomo. "Pitani," anatero. "Ndakhala ndikulera ana awiri m'nyumba muno, tsopano wamkuluyo wafuna kupha wamng'ono."

Apa nditsetsereka msanga, chifukwa ndi mmene zinayenderanso. Ndinagona pa sofa ya mnzanga ku Liverpool mpaka mkazi wake anatopa nane. Ndinapeza ntchito yokolopa maofesi kuno ku Salford, ndi kachipinda kamene ndikukhalamo mpaka pano. Ndinayamba kumwa ndikaweruka, kenako ndisanapite, kenako ntchito inatha n'kutsala kumwa kokha. Limbani anatseka nambala yanga, ndipo ndinamva kwa anthu kuti mpira wausiya, nsapato anataya m'bini. Kutchalitchi ndinasiya poopa maso a anthu, poti nkhani ya Mmalawi kuno imafika ku mizinda yonse dzuwa lisanalowe. Foni inkatha sabata osalira. Ndinkakwera tramu, kasitima ka m'tauni, kuchokera koyambira mpaka kothera n'kubwereranso, ndilibe kopita, kungofuna kumva anthu akulankhula. Pa Khirisimasi ndinadya buledi wouma nditavala jekete m'nyumba, ndikuonera pafoni kakanema kakale ka chigoli changa, kosaoneka bwino n'komwe, kubwereza ndi kubwereza.

Nthawi yomweyo ndinamva kuti a Gogoda amwalira kumudzi, chiwindi chitatha, ndipo kumaliro kunapita anthu ochepa. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinagula botolo lalikulu kuti ndiwalemekeze. Chonde mvetsani ichi, inu amene mukumwa. Nthawi yonseyi sindinkadziona wolakwa. Ndinkati dziko lino ndi lofewa, ana ake ndi ofewa, mkazi wanga watengera azungu. Ndinkati mwanayo ndiye anali wofooka, mwambo ulibe vuto.

Loweruka lina masana, ndikuchokera kogula botolo, ndinamva wezulo kuseri kwa nyumba za njerwa zofiira zija. Miyendo ya munthu wa mpira ikamva wezulo imapita yokha. Ndinapeza kabwalo ka timu yaing'ono ya m'dera, ya anthu amene mkati mwa sabata amagwira ntchito zina. Owonerera anali ochepa, ena ndi agalu awo. Ndinayamba kupitako Loweruka lililonse, kuima pakona ndekha, botolo lili m'thumba la jekete. Pa kashedi kokhalamo owonerera panalembedwa dzina la munthu, Roy, ndipo ndinamva kuti mwini dzinalo ndi mdala wa ndodo amene ankayendayenda m'mbali mwa bwalo. Anasewera timu imeneyo zaka zambiri, anamwetsa zigoli kuposa wina aliyense, timu zazikulu zinawafuna koma anakana kuchoka. Aliyense wodutsa ankawapatsa moni, ngakhale woimbira mpira.

Tsiku lina ndinaiwala kuti ndine mlendo, ndinakuwira womwetsa zigoli wawo kuti asathamangire mpira, audikire kumbuyo kwa wotchinga. A Roy anatembenuka, nabwera ndi ndodo yawo pang'onopang'ono.

"Iwe unasewerapo," anatero. Chingerezi chawo ndi chija cha kuno chomeza mawu, ndiye ndikuuzani m'Chichewa.

Abale, zaka zonsezi ndinkadikira munthu wa dziko lino woti anene mawu amenewo. Ndinawakhuthulira zonse, zigoli, makapu, dzina la Nyundo. Anamvetsera, nati masewero akatha ndilowe nawo m'kanyumba ka timu. Mumtima ndinati eya, ndapeza mnzanga, akuluakulu awiri tikhala pansi tinyowetse kukhosi. Ndiye zinangochitika kuti tsiku lomwelo mnyamata wina watsopano anamwetsa chigoli chake choyamba, anzake mpaka kumunyamula. Ndinalowa m'kanyumba kaja ndikutikita manja, ndikufuna kuona jombo ya azungu.

Mnyamatayo atatuluka kosamba, anzake anamumangirira epuloni ya maluwa, yakalekale, yong'ambika m'mphepete, onse akuseka ndi kuimba mluzu. Kenako anatenga thireyi n'kuyamba kuperekera tiyi kwa timu imene angoigonjetsa kumene, mmodzimmodzi, mpaka woimbira mpira ndi omuthandiza ake. Wotchinga amene anagundana naye zigongono masana onse anati shuga wachepa, iye n'kubwerera kukawonjezera. Inenso anandipatsa kapu. Ndinadikira kuti mwina zenizeni zibwera pambuyo. Bala inalipo ndithu, ena ankamwa zawo, koma mnyamatayo palibe anamukakamiza kanthu.

"Zimenezi anayambitsa ndani?" ndinafunsa.

A Roy anaseka. "Ine, koma mwangozi. Mayi anga ndiwo ankaphika tiyi pano. Tsiku limene ndinamwetsa chigoli changa choyamba wowathandiza sanabwere, ndiye anandikoka khutu ndikadali wonyowa, akuti chigoli chakocho chisunge, tenga thireyi. Epuloni imeneyo ndi yawo. Nditatchuka anyamata anayamba kunena kuti mwayi wanga unachokera pamenepo, aliyense n'kumafuna kuivala. Sindinawauzepo kuti atero."

Anamwako tiyi, naloza anyamata aja ndi ndodo. "Awa amatola chilichonse chimene munthu wa dzina wagwetsa. Ine ndinkalowa m'bwalo pomalizira chifukwa mantha ankanditsegula m'mimba, ndinkachedwa kuchimbudzi. Mpaka lero womwetsa zigoli wa timu ino amalowa pomalizira, akuti ndi mwambo." Kenako anandiyang'ana. "Nanga iwe mnzanga, anyamata ako unawasiyira chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza za jombo ndikuseka, mmene ndinkafotokozera nthawi zonse, ndi manja omwe. Ndinanena za a Gogoda, za nyimbo, za kusanza kuseri kwa basi. A Roy sanaseke. Ndinapitiriza, ndinafika ku Leeds, ndinafika pamalo oimika magalimoto paja, ndinati ndiye mwana wanga anandiyang'ana n'kunena kuti, basi pamenepo mawu anathawa. Patsogolo panga panali mnyamata wa epuloni uja, wa msinkhu wa Limbani, akutolera makapu, bambo ake ali pakhomo akumujambula ndi foni. Kwa nthawi yoyamba ndinamva bwinobwino chimene mwana wanga ananena tsiku lija. Anandipempha. Mwana anapempha bambo ake pamaso pa anthu kuti amuteteze, ine n'kusankha kuwomberedwa m'manja. Ndinalira pomwepo, mdala wathunthu, mamina ndi misozi, pakati pa anthu osandidziwa.

A Roy sanandisisite pamsana, sananene kuti zitha. Anadikira mpaka ndinamaliza nkhani yonse, nafunsa funso limodzi.

"Anyamata akowo akuchitabe?"

Ndinati sindikudziwa.

"Kafufuze. Ndi zako zimenezo, unazisiya ndiwe." Ataimirira anawonjezera kuti, "Loweruka ubwere m'mawa, maukonde amandivuta kumanga ndi chiuno changachi. Iweyo ubwere, koma botolo lili m'jeketemo lisadzalowenso pageti pano."

Tsopano ndinene zimene ndinachita, mwina wina pano zimuthandiza. Ndinapita kwa dokotala n'kunena zoona za kuchuluka kwa mowa umene ndinkamwa, osadula pakati mmene timachitira. Anandiuza kuti munthu amene wafika pamene ndinafika ine asasiye yekha mwadzidzidzi m'chipinda, thupi likhoza kugwedezeka moopsa. Anandithandiza kutsika pang'onopang'ono, nanditumiza ku gulu la anthu osiya mowa. Kumeneko kulibe Nyundo, kuli Lameki basi. Ndinasintha njira yopitira kunyumba kuti ndisamadutse pa sitolo ija. Kakanema ka chigoli ndinakafufuta, chifukwa ndinaona kuti ndikangokaonera kukhosi kumauma. Ndinapezanso ntchito yokolopa, ya m'mamawa. Ndinagwa kamodzi, sindibisa, tsiku lobadwa la Limbani, ndipo Loweruka lotsatira ndinakaima kunja kwa geti n'kuwauza a Roy. Anati, "Wanena wekha. Lowa, maukonde akudikira."

Chovuta kwambiri chinali kuimbira a Phiri. Ndinawafunsa ngati anyamata akuchitabe zija. Anapumira m'mwamba. "Achimwene, akuchita. Pano amati jombo ya Nyundo. Anyamata a ku Manchester ndi a ku Liverpool anadzaona titasewera nawo, nawonso anatengera." Mwana wanga anatsala pang'ono kufa pamaso pawo, koma iwo anangopitiriza, ndipo anachipatsa dzina langa ngati akundilemekeza.

Lamlungu lotsatira ndinakwera sitima kupita ku Leeds, osalawa kanthu. Ndinaima pakati pawo n'kunena kuti chinthu ichi ndinabweretsa ndine, n'choipa, chithe. Ena anaseka. Wina anati, "A Nyundo abadwanso mwatsopano, aleluya!" Koma mnyamata wina, amene wakhala nthawi yaitali akudikira mapepala ndipo saloledwa kugwira ntchito, sanaseke. Anati, "Madala, ine sabata yonse ndimangoyang'ana khoma. Lamlungu lokha ndi pamene ndimaimba ndi anthu. Mwabwera kudzatilandanso chimenechi?" Khoma limenelo inenso ndimalidziwa. Ndinangoti nyimbo isathe, kuvina kusathe, koma m'nsapato musalowe mowa.

Sanandimvere tsiku limenelo. Ndiye ndinayamba kupitako Lamlungu lililonse limene ndingathe. Wina akamwetsa chigoli choyamba, mpira ukangotha ndimathamanga ndi bondo langali, kulanda nsapatoyo n'kuikhalira. Mdala wa dazi ali khale pa jombo yamatope, anyamata akuvina mondizungulira, akundinena. A Phiri anawonjezera lamulo lawo, lakuti womwetsa chigoliyo abweretse mandasi a timu yonse sabata yotsatira, okazinga yekha, ndipo ena amabweretsa miyala yeniyeni. Tsopano ambiri amadikira mandasiwo kuti aseke. Koma ndisakunamizeni, ndikapanda kupita ena amathirabe mowa mobisa, ndipo za ku Manchester ndi ku Liverpool sindinazifikire n'komwe. Chinthu ndinachidzala masana amodzi, kuchizula kukunditengera zaka. Inu akuluakulu muli pano, kaya ndi ku mpira, ku kwaya kapena kuntchito, dziwani kuti achinyamata akukuonani ngakhale pamene mukuganiza kuti mukungocheza.

Za Limbani tsopano. Mkazi wa a Phiri nayenso ndi nesi, ndiye nkhani ya mdala wokhalira nsapato inafika kwa Esinati. Mwezi watha foni yanga inalira, dzina lake n'kuoneka. Ndinaimirira ngati akundiona.

"Bambo a Limbani, musaganize kuti nkhani yatha," anatero. "Mwana wanu wayambanso mpira, ndi anzake a ku koleji, timu yopanda Mmalawi ngakhale mmodzi. Akuti ngati mukufuna mubwere mudzaone. Koma mvetsani bwino. Mudzaime tsidya, kutali ndi benchi. Musadzakuwe. Musadzauze munthu kuti munasewerapo mpira. Akamaliza musadzamutsate."

Ndinati ndamva, mayi.

Ndinapita Lamlungu lathali. Kunali kamvula kowaza kaja ka ku Leeds, ndi mphepo yolowa m'mafupa. Ndinaima tsidya ndekha pafupi ndi mtengo. Ndinali ndisanamuone maso ndi maso chichokereni panyumba. Wakula, ali ndi ndevu, mapewa ngati a malume ake, koma kathamangidwe n'komwe kaja. Bambo wina wachizungu anabwera kudzaima nane, nafunsa kuti wanga ndi uti. Ndinaloza. Anati mnyamatayo ali ndi phazi labwino, kodi anatengera inu? Lilime linandiyabwa, abale, linayabwa kwambiri. Ndinati ayi, ndi khama lake.

Chakumapeto anapatsidwa mpira wabwino, atatsala iye ndi goloboyi basi, koma anaumenya mofulumira n'kupita pamwamba. Ndinadziwa chimene analakwitsa, thupi analigonekera kumbuyo. Mawu anafika pamano. Ndinaluma kolala ya jekete mpaka anabwerera. Iye anagwira m'mutu, kenako anacheukira kumtengo kuja, kuona ngati ndikuwe. Ndinangoima duu, manja m'matumba.

Masewero atatha anadutsa ndi anzake chapatali, osandiyang'ana, ine osasuntha monga anandiuzira. Galimoto ya mayi ake inali pageti. Atatsala pang'ono kufika anaima, anauza anzake kuti atsogole, nabwerera pang'ono, osafika pafupi. Anayang'ana pansi, nati, "Next Sunday. Same time." Basi, anapita. Sananditchule kuti Dad, sanandipatse dzanja. Ndinayenda wapansi mpaka kusiteshoni, ndinakwera sitima ndekha, ndinalowa m'kachipinda kanga kozizira komwe kaja, koma ndinali nditapatsidwa Lamlungu limodzi.

Lamlungu limenelo ndi mkuja. Lero Lachisanu sindinamwe. Mawa timu ya a Roy ikukasewera kutali, bwalo likhala lotseka, ndiye ndilibe maukonde omanga, ndipo Loweruka limatalika munthu ukakhala wekha. Ndikuopa, abale, sindikubisa. Ngati pali wina amene mawa masana ali ndi mpata, kaya wa tiyi, kaya wongoyenda limodzi mumsewu osalankhula zambiri, andipeze pakhomopo tikamatuluka. Ndikufuna mkuja, mwana wanga akacheukira kumtengo kuja, akandipeze nditaima chilili.